Mmene Ndinaliritsira Mkwatibwi ku Vubwi

Mpaka lero, kumpingo kukamveka zoti pakufunika munthu wopita ku Vubwi, ine ndimayamba kufunafuna chinthu m'chikwama mpaka nkhaniyo itadutsa. Anzanga amati ndimaopa msewu. Msewu ulibe mlandu. Ndimaopa anthu akumeneko, chifukwa alipo ena amene akangondiona amayamba kuseka moni asanapereke.

Zinayamba chaka chimene amayi a mpingo wathu kuno ku Katete anandisankha kukhala wapampando wawo. (Kampeni sindinachite. Ndinangochedwa kufika pamsonkhano, polowa ndinapeza akundiwombera m'manja.) Pasanapite nthawi ananditumiza ku Sinda ku maphunziro a atsogoleri. Kunali abusa, akulu a mpingo ndi atsogoleri a amayi ochokera m'mipingo yosiyanasiyana, ena oti kale sitinkakhala nawo ngakhale benchi imodzi pamaliro. Anzathu a ku Sinda ankayamba funso m'Chichewa n'kukalimalizira m'Chinsenga, ife n'kumangogwedeza mutu ngati tamva zonse.

Wotiphunzitsa anali Abusa Sakala, munthu wamfupi wosekaseka. Anatiuza kuti mtsogoleri asamasenze ntchito yekha, asakakamire mpando, ndipo ayambe msanga kukonzekeretsa womulowa m'malo. Mpingo ankautchula kuti banja. Anatiseweretsanso masewera a ulusi wolukira majuzi: aliyense amagwira ulusiwo n'kuponyera mnzake mpukutu, mpaka pakati pathu panalukika ukonde. "Mmodzi akangotaya, nonse mumva," anatero. Ine zinandilowa mpaka m'mafupa.

Tsiku lotsekera anatigawa awiriawiri, aliyense ndi mnzake wa boma lina, kuti tizichezerana ndi kuphunzitsana. Wanga anali Amayi Mbewe a ku Vubwi. Anati ndikayambe ndine kupita kwawo, chifukwa gulu lawo linali litangosankha wapampando watsopano, mayi wachitsikana wamanyazi kwambiri, wofunika kumulimbikitsa.

Ndinabwerera kunyumba nditatupa ndi nzeru. Phunziro langa ndinaliyeserera pa aliyense amene ndinamupeza: ana, wogulitsa makala, ngakhale abambo akunyumba. Iwo anapirira masiku angapo, kenako anafunsa kuti, "Kodi amayi, kugawa ntchito kwanuku, bwanji magawo onse akugwera ine?" Ndinawauza kuti akadali pa sitepe yoyamba ya kumvetsa.

Tsiku la ulendo linali Lachisanu. Ndinavala chitenje changa chatsopano, m'chikwama ndinaikamo Baibulo, mapepala aakulu omata pakhoma ndi mpukutu wa ulusi wofiira. Amayi Mbewe anali atandiuza pafoni kuti atumiza wanjinga yamoto kudzanditenga pasiteji. M'basi yopita ku Chipata ndinakhala ndi mayi wina wachikulire wa cha ku Mkaika, aNaphiri, atafukata katundu wozungulira wokutidwa ndi nsalu. Titasintha galimoto ku Chipata tinapezekanso tili limodzi. Ulendo wonsewo ndinawaphunzitsa za utsogoleri. Iwo ankangotafuna nzimbe n'kumati, "Eya. Eya." Kumene ankapita sindinawafunse. Kwenikweni sindinawafunse chilichonse.

Titatsika ku Vubwi, fumbi lili m'nsidze, foni yanga inayamba kundilandira ku Malawi, ine ndisanawoloke malire aliwonse. Kuimba kunakanika. Ndili chiimire, anafika bambo wina panjinga yamoto.

"Ndinu amayi a ku Katete odzaphunzitsa azimayi?"

"Ndine amene," ndinayankha mokweza, kuti ndi ena amve.

"Kwa Amayi Mbewe eti?"

"Komweko!"

Tikunyamuka ndinaona aNaphiri akukwezedwa panjinga ina. Ndinawabayibitsa ngati nduna.

Tinadutsa minda ya fodya ndi mtedza, tinawoloka kamtsinje, mpaka tinafika pakhomo lina lodzaza anthu. Mbuzi inali chimangire pamtengo. Azimayi ankasefa thobwa m'migolo. Kuseri kwa nkhokwe anyamata ndi atsikana ankayeserera masitepe atayika sipika pampando. Munthu wanzeru akanafunsa. Ine mumtima ndinangoti, anthu a ku Vubwi amadziwa kulandira mphunzitsi.

Anandilandira mayi wina wojintcha, wa mawu aakulu, amene anati ndi azakhali ake a Esinati. Dzinalo ndinali ndisanalimvepo, koma ndinaganiza kuti ndiye wapampando watsopano uja.

"Nanga Amayi Mbewe ali kuti?" ndinafunsa.

"Ali kuseriko. Koma iwo sangalowe nawo, mwambo wake mukuudziwa kale."

Ndinagwedeza mutu mwaukatswiri. Ndinati onani kudzichepetsa, mtsogoleri wakale akupereka mpata kwa watsopano. (Ku Vubwi a Mbewe ndi ambiri ngati mitengo ya mango. Izi ndinadzazidziwa mochedwa.)

"Zida mwabwera nazo?" anandinong'oneza azakhaliwo.

"Zonse zili m'chikwamamu."

"Ng'oma?"

"Masiku ano sitigwiritsa ntchito ng'oma, amayi. Njira zinasintha."

Ananditengera m'nyumba, osati m'tchalitchi. Ndinati mwina denga la tchalitchi likukonzedwa. Anatseka chitseko, anatseka mawindo, pazenera lopanda galasi anapachikapo bulangete. Ndinati anthu awa phunziro amalitenga mozama. M'katimo munali azimayi okhaokha atakhala pamphasa. Mbali ina kunali gulu la azakhali a Esinati, mbali inayo gulu lina lotsogozedwa ndi mayi wowonda wovala magalasi, amene anandiuza kuti iwo ndi "akuchimuna". Ndinamva ngati ndi dzina la mudzi. Pakati penipeni panali munthu atatambalala, atafunda chitenje kumutu, nkhope yosaoneka.

"Watsopano uja ndi ameneyu?" ndinafunsa.

"Ndi yemweyu. Sadziwa kalikonse. Musamubisire."

Manyazi ndinawaonapo, koma ofika pofunda kumutu anali oyamba. Ndinamumvera chisoni. Ndinapemphera, ndinamata mapepala anga pakhoma ndi phala, n'kuyamba.

"Amayi Esinati, choyamba ndikuti mwachita mwayi. Panali ambiri oyenera, ena okuposani msinkhu, ena okuposani luso, koma chisankho chagwera inu."

Mayi wamagalasi uja anati, "Zoona zimenezo." Azakhali a Esinati anamuyang'ana cham'mbali.

"Udindo mukulowawu ndi wolemera. Banja limeneli lili ndi ntchito masana, lili ndi ntchito usiku." (Ndinkanena za kugona kumaliro ndi kuchipatala, Mulungu ndi mboni.) Azimayi anayamba kusunthira kutsogolo. Wina analiza nthungululu. Ndinati basi, phunziro lagwira.

"Ndiye mfundo yoyamba: musamagwire nokha ntchito zonse. Mudzatopa, mudzadwala msana. Taonani azimayi onse ali munowa. Aliyense ali ndi mphatso yake. Tsiku limene mwatopa, itanani mnzanu akugwirireni."

Nthungululu ija inathera panjira.

Mayi wina wachikulire pakona anafunsa, "Ntchito zake ziti, alangizi?"

Mawu oti alangizi ndinawamva, koma anandikomera. "Zonse, amayi. Palibe ntchito yoti ndi ya munthu mmodzi. Mungathe kulemba ndandanda: sabata ino uje, sabata yamawa uje."

M'nyumba munati zii. Ku Sinda anatiuza kuti anthu akakhala chete ndiye kuti mfundo ikulowa, choncho ndinalimba mtima.

Tsopano apa ndifotokoze kanthu kena. Kumpingo kwathu abusa timangowatchula kuti abambo. "Abambo abwera, abambo akudwala." Tinazolowera. Ndiye ndinapitiriza.

"Mfundo yachiwiri ndi ya abambo. Ambiri akalowa paudindo uwu amayesa abambo ndi awo okha. Ayi! Abambo ndi a tonse. Mukawaona alowa m'nyumba ya mayi wina, musatupe mtima, akukagwira ntchito imene anaitanidwira. Mwinanso inu muziwakumbutsa kuti kwa uje simunapiteko kalekale."

Chitenje chili pakati chija chinayamba kunjenjemera. Ndinati Mzimu ukugwira ntchito.

Mayi wamagalasi anatsokomola, n'kunena chapansipansi kuti, "Koma penapake akunena zoona, mwamuna samangidwa chingwe." Azakhali a Esinati anapuma mwamphamvu ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ine ndinaona kuti anthu ayamba kutopa, ndi nthawi ya masewera. Ndinatulutsa mpukutu wa ulusi wofiira.

"Eya, mikanda ija yafika," anatero wina mosangalala.

"Si mikanda, amayi. Aliyense agwire ulusi, aponyere mnzake."

Anagwira, poti mlendo walamula. Mpukutu unauluka uku ndi uku, wina unamugunda pamphuno, mpaka ukonde unalukika bwinobwino. Nsonga yomaliza ndinaiika m'dzanja la Esinati.

"Mwaona? Nonsenu muli m'banja limeneli. Amayi Esinati ali ndi nsonga imodzi chabe."

Ndikanalekera pomwepo mwina ndikanapulumuka. Koma mfundo yachitatu ndi imene ndinkainyadira kuposa zonse.

"Chomaliza, amayi anga: pamalo pamene mukukhalapa si panu mpaka kalekale. Zikatha zaka zitatu, mudzatule pansi mwaulemu, alowe wina. Musadikire kuti akuchotseni. Ndipo kuyambira mawa lomweli, yang'anani mtsikana wanzeru, wamphamvu, makamaka wocheperapo kwa inu. Muzimutenga, muzimuonetsa zonse mmene mumachitira, abambo amuzolowere. Tsiku lochoka inu, pasadzaoneke kusintha."

Chitenje chinauluka. Pansi pake panatuluka mtsikana wokongola, tsitsi lomangidwa kumene ku saluni, nkhope yonse misozi.

"Sindikwatiwa!" anakuwa. "Azakhali, ndati sindikwatiwa! Akatenge yemweyo wa zaka zitatuyo!"

Mawu oti kukwatiwa anandilowa m'khutu, anatsika pang'onopang'ono, n'kukafika m'mimba. Mbuzi ija. Thobwa lija. Masitepe aja.

Koma panalibe wondiyang'ana ine. Azakhali a Esinati anali ataimirira kale, chala chili pamphuno ya mayi wamagalasi.

"Mwachita kumugula munthu ameneyu! Mukuyesa sitinamve za mtsikana wogulitsa zitenje kumalire uja? Mwati mumulowetse ndi pemphero?"

"Ife timugule? Alangizi mwaitana ndinu akuchikazi! Mwana wa mchimwene wanga musamuipitsire mbiri!"

Onse anaimirira nthawi imodzi, ulusi uli m'manja. Wina unamukola m'khosi, wina m'mwendo, mayi wachikulire wapakona uja anagwa chagada atakokedwa ndi anthu a mbali zonse ziwiri. Abusa Sakala ananena zoona, mmodzi akakoka onse amamva. Ine ndinkangoti, "Amayi, amayi, pali kusamvana pang'ono," koma mawu anga ankamveka ngati a mwanapiye. Esinati anali atayamba kumasula tsitsi lake la chikwati, akulira.

Chimene chinandipulumutsa ndi kulira kwa njinga zamoto panja. Chitseko chinagogodwa mwamphamvu, ndipo atatsegula analowa Amayi Mbewe, anga enieni a ku Sinda aja, duku lili pambali. Kumbuyo kwawo kunali aNaphiri, katundu wawo uja atamuvundukula. Inali ng'oma.

Amayi Mbewe anayang'ana azimayi okoledwa mu ulusi, anayang'ana mapepala anga pakhoma, anayang'ana mkwatibwi. Kenako anandiyang'ana ine.

"Mwafika mpaka mfundo iti?"

"Yachitatu," ndinayankha.

Anakhala pansi pomwepo n'kugwira kumutu.

Zinadziwika kuti mayi ake a Esinati nawonso ndi Amayi Mbewe, a mpingo wina, ndipo anaitanitsa aNaphiri kuti adzalangize mwana wawo za m'banja chikwati chisanachitike Loweruka. Anjinga awiri aja aliyense anatumidwa kukatenga mayi wa ku Katete wodzaphunzitsa azimayi. Ine ndinalumphira yoyamba.

Ndipo musaganize kuti kutchalitchi kunali mtendere. ANaphiri anafika Amayi Mbewe atapita kukabwereka mabenchi kusukulu. Anapeza abusa ndi akulu a mpingo atakhala kutsogolo, mabuku ali m'manja, kudikira phunziro la utsogoleri. Anawatulutsa onse. Anati chikhalire sanaonepo amuna opanda manyazi chotere. Abusa anayesa kufotokoza kuti iwonso akufuna kuphunzira nawo kuti akathandize ena, aNaphiri n'kuwayankha kuti akafunse akazi awo. Amayi Mbewe pobwera anapeza atsogoleri onse aamuna ali pansi pa mtengo, m'tchalitchi mukulira ng'oma, wapampando wamanyazi uja atamumangitsa chitenje m'chiuno.

"Koma wapampando uja akumva msanga," anatero aNaphiri. "Ali ndi ana anayi, komatu zambiri sankazidziwa."

Woyamba kuseka anali mayi wachikulire anagwa uja, akadali chigonere. Kenako nyumba yonse. Osaseka tinali awiri, ine ndi Esinati.

Ndinagwada pamaso pake. Mayi wamkulu ngati ine, wapampando, chitenje chatsopano, maondo pa simenti. Ndinamufotokozera kuti abambo amene ndinkanena ndi abusa, banja ndi mpingo, ndipo zaka zitatu ndi za mpando wa gulu la amayi. Ndinamuuza kuti wanga mwamuna ndakhala naye zaka zambirimbiri, ndipo mtsikana amene angabwere kuti ndimuonetse mmene ndimachitira angatuluke pawindo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akufwenthera. "Nanga za wa zitenje uja?" anafunsa, koma funsolo silinali langa.

Apa aNaphiri anaonetsa kuti ntchito yawo amaidziwa. Anati nkhani yatuluka, isabwererenso pansi pa mphasa. Anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse, mkwati anakamutenga kumene ankameta, ndipo anakambirana kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kupendeka. Zimene ananena kumeneko sindinamve, ndinali nditapatsidwa ntchito yomasula ulusi. Ndinangoona Esinati akubwera akumwetulira pang'ono, azakhali ake akuitana wa saluni kuti adzakonzenso mutu. Ng'oma itayamba kulira m'nyumba muja, ine ananditulutsa. ANaphiri anati ndaphunzitsa zokwanira.

Chikwati chinachitika. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, koma sizinathandize. Abusa omangitsa ukwati atafika pa mawu akuti mpaka imfa, anaima kaye, anayang'ana kumene ndinali, n'kubwerezanso mawuwo pang'onopang'ono. Tchalitchi chonse chinatembenuka.

Phunziro langa lenileni linachitika Lamlungu masana. Amayi Mbewe ankayembekezera anthu ochepa a mpingo wawo, koma kunabwera khamu, ndi a mpingo wa kwa Esinati omwe, mipingo iwiri imene inali isanachitepo chinthu limodzi. Sanabwerere utsogoleri, anabwera kudzaona mayi wa ku Katete. Ndikangoti "abambo", onse ankafuula kuti, "Ati?" Komabe anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndikumva kuti mpaka pano atsogoleri a mipingo iwiriyo amakumana, amayenderanso odwala limodzi. Amayi Mbewe atabwera kuno ku Katete kudzabweza ulendo, nkhani yonse anaifotokoza pamaso pa gulu langa, osasiyako kanthu. Abambo akunyumba anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

Chaka chatha ndili pamsika wa Katete ndikusankha tomato, ndinamva wina akuti, "Alangizi!" Nditatembenuka ndinaona Esinati, wanenepa bwino, atanyamula kachikwama kakang'ono kokha. Kumbuyo kwake kunali mwamuna wake, mwana ali pachifuwa, thumba la matewera paphewa, dzanja lina nkhuku, lina chigubu cha mafuta ophikira. Anali pa ulendo wopita kwa abale ku Sinda.

"Amayi," anatero mwamunayo, "ndinu munaphunzitsa akazi angawa?"

Ndinayamba kupepesa, koma Esinati anandidula.

"Mfundo ziwiri zija ndinataya. Koma yoyamba ija, yogawa ntchito, ndinaisunga. Kungoti wogawana naye ndi mmodzi."

Mwamunayo anandiyang'ana ndi maso a munthu wofuna chilungamo. Nkhuku inakupiza mapiko, mwana anayamba kulira, ndipo Esinati anangoti, "Musuntheni pang'ono, bambo ake, akumva kutentha."

Ndikudziwa chimene ndinayenera kuphunzira pa zonsezi: munthu uzifunsa kumene wafika usanatsegule pakamwa. Ndimayesetsa, ngakhale abambo akunyumba amati kusintha sakukuona. Koma ndisakunamizeni. Titakumananso ku Sinda, Abusa Sakala anafunsa ngati alipo amene maphunziro ake anabala zipatso zooneka ndi maso. Ndinakumbukira mwamuna uja ndi nkhuku yake pamsika, ndipo dzanja loyamba kukwera m'mwamba linali langa.